Kuphunzira Kupuma Pansi pa Madzi

Lolemba, 3 Marichi
Ndalembetsa maphunziro odayiva, oyenda pansi pa madzi, kudziwe losambiramo la ku Maryhill, kuno kunja komwe tikukhala. Ine Ketrina, woopa ngakhale kuwoloka mlatho! Koma malemu bambo ake a mwana wanga Yewo anamulonjeza mwanayu kuti akadzamaliza sekondale adzapita naye ku Zanzibar kukaona makorali, miyala yamoyo ya pansi pa nyanja ija. Akumaliza mu Juni. Watsala ndi ine.

Lachinayi, 6 Marichi
Tsiku loyamba. Silinda ya mpweya kulemera ngati wabereka mwana wamkulu kale. Mphunzitsi wathu Bruce, mzibambo wa ku Govan, akuti chachikulu n'kusasiya kupuma. Nditangomiza mutu, mtima phaphapha, ndinavuuka. Yewo anali kale pansi, ngati anabadwira momwemo.

Lamulungu, 9 Marichi
Kutchalitchi Mayi Joanna akuti, “Nanunso pa msinkhu wanuwu mukusakamo chiyani m'madzi?” Ndinangoseka.

Titabwerako Yewo anandionetsa vidiyo. Kamba wam'nyanja akudya mwachifatse, tinsomba tachikasu tikubisala m'makorali ofiira. Akuti ena ayamba kutuwa n'kufa chifukwa nyanja ikutentha, ndiye tisachedwe. Anayankhula mpaka tiyi kuzizira. Chimwalirireni bambo ake sanachezepo nane chonchi.

Lachinayi, 13 Marichi
Zakanika. Umayenera kuvula magalasi ophimba maso ndi mphuno uli pansi pa madzi, kuvalanso, n'kutulutsa madzi olowamo ndi mpweya wa m'mphuno. Ndinatsamwa, n'kukalirira kosinthira zovala. Bruce akuti popanda zimenezi kunyanja sindingalowe. M'basi Yewo anati, “Mum, mukhoza kudzangotsala m'boti.” Ananena mwaulemu, koma nkhope ili kuwindo.

Loweruka, 15 Marichi
Kuyeserera, nkhope m'beseni la madzi, ndisanapite ku shifiti. Mphuno ikuwawa. Mawa kachikenanso.

Lachinayi, 20 Marichi
Ndinagwada pansi penipeni, Yewo patsogolo panga. Nditavula magalasi madzi analowa m'mphuno, miyendo n'kufuna kuthawa. Ndinamva kadzanja ka Yewo kandigwira pamkono. Ndinapuma. Ndinapumanso. Ndinavala, n'kupemerera, madzi onse psiti! Kutsegula maso, mwana wanga akuwomba m'manja, thovu lili balalabalala chifukwa cha kuseka.

Tinayenda limodzi m'mbali mwa dziwe, iye kumanja, ine kumanzere. Palibe nsomba, matailosi okhaokha ndi kaphini ka tsitsi kotayika, koma ndinkayang'anitsitsa chilichonse. Kenako Bruce analoza kumwamba kuti nthawi yatha. Yewo anayamba kukwera, n'kucheuka kuti andione.

Ndinamukodola kuti abwerere, tizungulirenso kamodzi.