Hatchi Siyimba

Loweruka, 17 Okutobala

...ndiye wapolisi uja atangowerama kuti aone mano, ine chingwe chija koke, chibwano khapu, chipewa chonse m'kamwa mwa hatchi. Bala yonse pansi ndi phwete. Awiri anathyoka nthiti, mmodzi mpaka lero akusekabe. Nkhaniyi ndimaikamba madzulo ano ku bala ya Pulawo, koma Darren, mnyamata wa m'gulu lathu la sewero, wandidula pakamwa: "Madala, chaka chatha munati anali m'busa." Mwana wopanda mwambo. Wapolisi, m'busa, onse amavala chipewa. Ndaimalizira muno chifukwa kope silidula munthu pakamwa.

Sewero lathu ndi pa 31. Monga mwa makolo: bala ndi bala, asilikali awiri amenyana, wina afa, dokotala wabodza amuukitsa ndi kabotolo, kenako ilowa hatchi. Chigaza chenicheni cha hatchi pamtengo, munthu m'kati mwa chinsalu. Munthuyo ndine, Cyril Venables, kuyambira ndili mnyamata mpaka seweroli litafa, ndiponso chiliukitsireni Nigel Ashcroft zaka ziwiri zapitazo. Hatchi yoposa ine sinabadwe mu Cheshire monse.

Lero Nigel, mphunzitsi wa nyimbo wa ku Manchester uja, wandigulira mowa. Ndinadziwiratu kuti pali mlandu. "A Venables, maondo anuwo akana. Chaka chatha tinakunyamulani ngati thumba la mbatata." Hatchi apatsa Darren. Darren, munthu woti akamayenda mumayesa kabati ikugwa pamasitepe.

Ndaseka nawo. Nanga n'kutani.

Kenako nkhani ya nyimbo yotsanzikira, yothokoza mwini bala. Mawu ali nawo, m'busa wina wakalekale anawalemba. Chuni alibe, amangoikhomera pa chuni cha kumaliro. A gulu lakale onse anapita, ndatsala ine. Pakamwa panga sipanadikire mutu: ndati chuni chenichenicho ndinachiyamwa kubere. Nigel maso tong'o. "Mubwere nacho Loweruka likudzali. Mukatero muyenda nafe, nyimboyo muziyambitsa ndinu bala iliyonse."

Ndiye nkhani ili apa. Chuni chikapezeka, ndili m'gulu. Chikapanda kupezeka, pa 31 ndi ine, wailesi ndi moto wa gasi.

Lamulungu, 18 Okutobala

Mvula tsiku lonse. Buledi wowotcha, nyemba za m'chitini. Bondo lamanzere ngati dzungu.

Chiyambire m'mawa ndikusaka chuni. Ndayesa m'bafa, ndayesa pamasitepe, ndayesa mutu uli m'kabati. Zikutuluka ndi za kutchalitchi ndi za kumpira.

Chilungamo chake, muno mokha: hatchi siyimba. Siimva n'komwe. Mwambo wake, ikangomaliza kuvina woikoka amaitulutsa, chitseko n'kutsekedwa, nyimbo n'kuyamba. Akuluakulu ankati nyimbo ndi ya amoyo, hatchi ndi chakufa, isamve. Choncho zaka zonsezo anzanga akuyimba m'kati motentha, ine ndi Alf Leadbetter, wondikoka wanga, tinkakhala kuseri pa migolo yotha mowa, ndudu imodzi anthu awiri. Chotifika chinali kung'ung'udza kwa khoma ndi mapazi, di, di-di. Alf ankati, "Asiye aziyimba, Cyril, ife ndife anthu a ntchito." Zokamba za Alf ndikuzikumbuka zonse, mpaka mayina a nkhunda zake. Chuni ayi.

Ndafunsa chigaza. Edie ali moyo sankachilola m'nyumba, chinkagona m'shedi. Chimwalirireni mkazi wangayo chimakhala pampando wa pawindo. Mano chili nawo onse, kuposa ine, koma chete.

Lolemba, 19 Okutobala

Kwa mkazi wa malemu Harold Platt. Harold ndiye anali ndi mawu m'gulu lathu, akayimba matambula ankayenda okha patebulo. Mayiwo andilandirira pakhomo, tcheni osachotsa. "Ankayimba akaledzera, ndipo akaledzera ndinkamutsekera panja. Kafunseni agalu a mumsewu uno."

Pobwerera ndadzera kumanda. Harold, Alf, abale awiri a kwa Barlow, dokotala wathu wabodza, onse mzere umodzi cha kumpanda. Kwaya yathunthu. Ndaima pang'ono, chipewa m'manja, mwina wina angayambitse. Ulemu wawachulukira masiku ano.

Lachiwiri, 20 Okutobala

Kwa mayi Purslow, oyimba limba kutchalitchi. Mabuku a machuni akale mpaka kudenga. Njira yawo: amayesa kutalika kwa mzere wa mawu, n'kusaka chuni cha gule wakale chokwana pamenepo, ngati kuyesa nsapato. Akuti anthu a masewero akale sankapeka zawozawo, ankangobwereka chimene chinkamveka m'misika nthawi imeneyo.

Aliza choyamba. Ndati chomwecho. Aliza chachiwiri, chosiyaniratu. Ndati eya, chomwechonso. Pa chachitatu ndagwetsako msozi, poti chinali chokoma. Atseka limba pang'onopang'ono. "A Venables, mukusaka chuni kapena mukusaka wocheza naye?" Ndawauza kuti ocheza nawo ndili nawo ambiri moti ena ndimawabweza pageti. Andipatsa keke.

Potuluka andikumbutsa za Mavis Dutton, mwana wa mwini wake wakale wa bala ya Belu. Akazi m'sewero sankaloledwa, koma makutu sankawatseka. Mavis ankathira mowa kuseri kwa kauntala chaka ndi chaka, nyimboyo ikuyimbidwa pamphuno pake. Ali moyo, akuti, kunyumba ya okalamba ku Rhyl.

Mabasi awiri. Penshoni ilira, koma ilire.

Lachinayi, 22 Okutobala

Rhyl. Suti ya kumaliro, nsapato zopolisha moti mbalame zimatera kudzadziyang'anira. Nyanja yotuwa ngati madzi otsukira mbale, mphepo yofuna kundibwezera kwathu ulele.

Mavis wachepa, kwangotsala maso. Koma ndisanalowe n'komwe wakuwa: "Iwe Cyril Venables, mnyamata uja tinkalimbirana tonse ku Belu, ukadali moyo?" Anamwino onse kutembenuka. Ndinazolowera.

Za nyimbo waseka mpaka kutsokomola. "Chuni chiti? Bala yoyamba ankayimba ngati anthu. Pofika kwathu, komaliza, aliyense ankakokera kwake ngati ng'ombe za makola osiyana." Koma bambo ake, akuti, ankaiyimba m'mawa mwake akutsuka matambula, mutu uli bwinobwino, monga anaimvera kwa agogo awo. Imeneyo ndiyo wandiyimbira. Kamawu ngati ulusi, supuni ikugunda pasosala. Kawiri. Kachitatu wagona pakati pa mzere. Namwino: "Basi bambo, atopa."

Tepi ndilibe, timadontho timene Nigel amalembera nyimbo sinditha kulemba. Ndachinyamula pakamwa. Kuchokera pakhomo mpaka pasiteji, kung'ung'udza. M'basi, kung'ung'udza. Mayi wina wasamuka mpando. Wina wandifunsa nthawi, ndamuonetsa wotchi osatsegula pakamwa. Basi yachiwiri, yochokera ku Chester, dalaivala wailesi mpaka kumwamba. Zala m'makutu ulendo wonse, ambulera pakati pa maondo.

Ndafika nacho chamoyo, mutu ndi mchira womwe. Wina akanachitaya asanatuluke pageti.

Lachisanu, 23 Okutobala

Sindinatuluke, kuopa kukumana ndi nyimbo ina panjira. Wailesi yozima. Wamkaka wabwera akuimba likhweru, ndamutsekera chitseko pamphuno. Ndayimbira chigaza mpaka mawu kusasa. Chikuoneka chokhutira.

Loweruka, 24 Okutobala

Chipinda cha pamwamba ku Pulawo, gulu lonse lilipo. Ndaimirira, dzanja pachifuwa. Mizere iwiri yoyamba, zii, ntchentche yomwe inatera kuti imve. Nigel pensulo ikuthamanga. Mzere wachitatu, mapewa a Darren ayamba kugwedezeka. Wachinayi, wagwa pampando. "Madala, kumapetoko ndi nyimbo ya majarini ya pawailesi." Onse n'kuimalizitsa pamodzi, mpaka dzina la majariniwo.

Dalaivala uja. Nyimbo ya pawailesi yake inalowera pakati pa zala.

Ndati mwina a majariniwo ndi amene anatibera ife. Aseka kwambiri. Inenso ndaseka, kuposa onse.

Nigel sanaseke. Akuti theka loyambalo ndi lakale zedi, m'mabuku ake mulibe, lili ndi kakhotedwe kamene anthu anasiya kalekale. Watsikira pansi kukaimba foni ku Rhyl. Wabwerako nkhope ili pansi. Mavis anamutengera kuchipatala dzulo, chifuwa, alendo sakuloledwa. Mchira asoka yekha Nigel. "Koma muyambitsabe ndinu, a Venables. Lonjezo ndi lonjezo."

Theka la chuni changa likuposa chathunthu cha munthu wina aliyense. Darren anati andiperekeze pagalimoto, ndakana. Wapansi, mvula ili kumsana.

Lolemba, 26 Okutobala

Khadi lotumiza kwa Mavis, la maluwa achikasu. Sitampa yakweranso. Pansi ndinalemba Cyril, ndafufuta, ndajambula hatchi. Yatuluka ngati galu.

Nigel wandiponyera mchira wake pafoni. Wosalala, wophunzira, wovala tayi. Ndamuuza kuti agogo anga akanauvomera. Akanamuponyera nsapato.

Lachitatu, 28 Okutobala

Darren wabwera kudzatenga chigaza. Ndinali nditachipaka penti yakuda, maso a magalasi a botolo nditawapukuta. Ndamuphunzitsa. Chingwe cha chibwano ndi zala ziwiri, osati chibakera. Pakhomo la ku Belu gwada, ndi lalifupi, linandisenda chipumi ndili mnyamata. Ana usawalume, azimayi okalamba okha, amakonda. Iye "Eya madala, eya madala," maso pawotchi. Amafuna kuchiponya m'buti pamodzi ndi tayala. Ndati pokhapokha nditafa. Chapita chitakhala kutsogolo, lamba atachimanga, chikuyang'ana njira ngati bwana.

Ndakhala pampando wa pawindo kuti ndione chimene chinkaona. Siteji ya basi ndi mpanda wa aneba. Zokhazo. Zaka zonsezi osadandaula.

Lamulungu, 1 Novembala

Dzulo. Chipewa cha maliboni, jekete la malemu Alf limene mlongo wake anandipatsa.

Ku Pulawo kodzaza, ena pamawindo. Koyamba m'moyo wanga kuona seweroli ndi maso awiri. Kale ndinkaona nsapato zokha, pakabowo ka chinsalu. Kani dokotala amapotoza nkhope chonchija. Kani wakufa uja amatsinzinira atsikana ali chigonere. Ndinaseka ngati mlendo.

Hatchi inalowa. Darren kuvina kwake ngati bulu wa nyamakazi, koma anthu kukuwa, ana kubisala kumbuyo kwa amayi awo. Chipewa cha wina khapu. Tsono nthawi yotuluka inakwana, woikoka anaitembenuza, anthu anapatuka, ndipo miyendo yangayi, ya maondo okana aja, inangotsatira. Sindinaganize kanthu. Ndinazindikira chitseko chatsekeka kumbuyo kwanga, ndili pa migolo, m'kamwa mukutuluka nthunzi.

Ndimati nditembenuke, m'kati anayamba. Osadikira.

Ndiye khoma linang'ung'udza. Mapazi, di, di-di. Tsitsi langa linaima, lonse limene latsalali. N'chomwecho. Kwa mayi Purslow ndinkangovomera, pakamwa pa Mavis ndinangokhulupirira, koma apa ndinachidziwa ngati kutsokomola kwa Edie m'chipinda china. Theka loyambalo ndi lenilenilo. Ndinacheuka kuti ndiuze Alf. M'chinsalu munali Darren, thukuta kamukamu. "Madala, muli ndi machesi?" Ndinali nawo.

Mchira wa Nigel, kuseri kwa khoma, sindinganene. Ungakhale wa majarini, ungakhale wa angelo.

Atatuluka, Nigel anandigwira paphewa. "Mwaiyambitsa bwino zedi, a Venables, mawu anu ndimawamva pamwamba pa onse." Ndinati zikomo, ndi mphatso yachibadwa. Mabala otsalawo ndinkatuluka ndi hatchi dala. Palibe anafunsa.

Lero maondo onse awiri agwirizana. Tiyi, mapiritsi, windo.

Chimodzi ndikonze. Zija ndinalemba tsiku la ku Rhyl, zoti Mavis anandikuwira pakhomo, ndinapeka. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa, "Ndinu a kampani ya gasi?" Nditati ndine hatchi ya sewero lija, nkhope yonse inawala. Anati hatchiyo amaikumbuka bwino, chaka china inamudyera liboni la kumutu, ankaiyembekezera kuposa Khirisimasi. Kenako anati, "Kani munali a m'mudzi momwemo? Ife sitinafunsepo kuti m'katimo muli ndani."