Chule Uja Ali Moyo

Bambo a Chiku,

Munanena zoona, chule wanu uja sanafe! Pepani, ndakhala ndikukusekani kuti mukusunga maliro m'firiji.

M'mawa uno ndinatenga kontena ya ayisikilimu, ndimayesa ndi nyemba zanga za lanchi. Nditafika pa siteji ya basi ndinaona tizibowo pachivindikiro. Kutsegula, dothi lokhalokha. Nditakanda pang'ono ndi supuni, mkuluyo anatsegula diso limodzi n'kundiyang'ana! Ndinakuwa mpaka mzungu wina anagwetsa foni. Chuleyu anali chabe m'tulo take ta nyengo yozizira tija basi.

Ndabwerera naye chothamanga, basi yandisiya, kushifiti ndachedwa kale. Ali pashelefu ya pansi. Koma dothi lija lauma. Muwazemo madzi a mvula a m'ndowa ija, osati a pampopi. Mukalifinya m'manja lizigwirana, koma lisamadonthe. Musamuike pafupi ndi hita, akadzuka Januwale uno, kuno kuli chisanu chonchi, mumudyetsa chiyani?

Chonde lembani CHULE pachivindikiro, zilembo zikuluzikulu. Azakhali anu akufika masana kuchokera ku Corby, ndipo mukuwadziwa: kontena iliyonse ya m'firiji amaiponya mu mayikulowevu osatsegula.

Anganile