Magetsi Opanda Batire

9 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Kalata yanu ndalandira. Mwandikalipira mokwanira, ndipo sinditsutsa. Koma poti mwafunsa chimene chandimanga miyendo kuno pamene Bambo ayamba kuiwala nkhope za ana awo, ndikuuzani.

Ndi kamphete ka golide, kochepetsetsa moti simungakaone popanda maikulosikopu. Kali pansi pa firiji yathu ya mu labu, chithanki chachitali chimene timathiramo heliyamu, mpweya woziziritsira zinthu. Kakazizira mpaka pafupi ndi pomwe kuzizira kumathera, ife n'kukayandikizira maginito, magetsi amazungulira okha m'kamphetemo, osaleka, popanda batire. Ntchito yanga ndi kuyeza kamphamvu ka maginito kamene magetsiwo amatulutsa. N'kofooka kwambiri moti wina akamenyetsa chitseko, ntchito ya tsikulo yapita.

Mukukumbuka nditawafotokozera Bambo zimenezi chaka chatha? Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, ine ndakalambira pa mawaya a magetsi. Magetsi opanda batire? Ukadzawapeza udzandiitane!"

Ndayamba kuwapeza mwezi uno. Vuto n'lakuti kampheteka sikafuna kufunda. Kakafunda, tizilema ta mkati mwa golide timasuntha, ndiye ukakaziziritsanso kamakhala ngati kena. Magetsi amene ankazungulira chakumanja akhoza kutembenukira kumanzere, zonse unayeza uyambirenso. Firijiyonso sungaisiye yokha ikugwira ntchito, ndipo a gulu lina akuidikira ndi maso ofiira, mwezi wamawa ndi yawo.

Dzulo ndinawauza abwana za Bambo.

"Pepa kwambiri," anatero. "Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Pirira pang'ono timalize. Ukazimitsa pampu ya firijiyo, mwayi wina ndi chaka chamawa."

"Nanga chaka chamawacho Bambo adzakhala akundidziwa?"

Anangoyang'ana nsapato zawo.

Lero m'mawa ndazimitsa pampu. Mu labu mwangoti zii, mpaka ndamva koyamba kuti wotchi ya pakhoma imalira. Chisanu cha pamapaipi chikusungunuka, ndipo mayi wokolopa wandifunsa kale kuti madzi onsewa akuchokera kuti. Zikundipweteka, sindibisa. Pofika mawa kamphete kanga kadzakhala kataiwala zonse.

Ndifika Loweruka pa basi ya masana. Musavutike kudzandichingamira, njira ndikuidziwa. Moni kwa alamu ndi ana. Amayi muwauze asavutike kuchotsa bokosi la zida za Bambo m'chipinda changa, ndidzagona nalo momwemo.

Munalemba kuti Bambo mayina athu amawasokoneza, koma nkhani ya kamphete amaisekabe. Ndiye akafunsa kuti akubwera ndani, musalimbane nawo ndi dzina langa. Mungowauza kuti ndi uja wa magetsi opanda batire, wabwera kudzawaitana.

Ndine mlongo wanu wouma mutu uja.