Udzudzu wa Kuchipinda kwa Abiti Hamadi

Lolemba, 10 Febuluwale

Ndafika kudera la nyanja ya Chiuta. Matope kuyambira pa Nsanama, wanjinga yamoto akupemphera njira yonse. Chipinda ndapeza kuseri kwa golosale ya Che Yunusu.

Ntchito yake: kugwira udzudzu wa m'nyumba za kuno, waukazi, wokhuta magazi, kuti ku labu akayerekeze DNA yake ndi ya udzudzu wa ku Balaka. Umene tinagwira ku Balaka unkafa mwaulemu ukakhudza neti ya mankhwala. Wa kuno akuti umatera pa neti, kupumapo, kenako n'kupitiriza ulendo. Ngati kusiyanako kuli m'chibadwa, ndiye kuti anthu akugona m'makatani.

Galimoto ibwera Loweruka. A Dokotala Bernadetta, bwana wanga, sanabise: ndikabwerera chimanjamanja, Chiuta achoka pa kafukufuku.

Digiri yonse ija kudzathera kuyamwa udzudzu ndi kapaipi. Mayi anga amauza anthu kuti ndili ku ofesi.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

M'mawa wonse, udzudzu uwiri. Umodzi waumuna, wosaluma, wongokhalapo ngati komiti.

Vuto ndi ulemu. Udzudzu ukakhuta umabisala pakhoma la kuchipinda, pansi pa bedi, m'zovala zopachika. Ndiyenera kuupeza anthu asanagwedeze kanthu. Koma ndikamafika, kosesa kale, mawindo otsegula, zovala padzuwa, lubani akufuka. Ine mpando wabwino pakhonde ndi tiyi. Abiti Hamadi, akazi a Che Yunusu, anachita kupukuta ndi khoma lomwe. "Mlendo wa ku yunivesite aone fumbi langa? Iyayi, a Paison, imwani tiyi."

Ndinamwa. Matiyi anayi. Sayansi yathera kuchimbudzi.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Msonkhano pa mjigo. Ndinapempha amayi: musasese, musatsegule, ndilowe momwe mwadzukiramo. Phwete lake! Wina anaponya mawu m'Chiyao, onse n'kugwirana mapewa. Elube, mlangizi wa zaumoyo, anachita kunditanthauzira akuyang'ana kumbali: mwamuna wachilendo kuchipinda kwa eni kusanache, akufunadi udzudzu?

Madzulo Zuhura, mwana wa Abiti Hamadi, thupi moto. Kachitatu chiyambire mvula. Amagona mu neti yatsopano, ndinaiona itayanikidwa. Kubuula kwake kumadutsa khoma mpaka kwanga. Nthabwala zinandithera. Kamwana kamene kamandiitana kuti "a Udzudzu."

Sindichoka kuno wopanda udzudzu wa m'chipinda chimenecho.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Zuhura anamuyeza kuchipatala. Malungo. Wayamba mankhwala.

Ndaganiza. Sakusesera ine, akusesera digiri. Ndiye digiriyo iyenera kufa.

Ndinapempha Elube aitane amayi adzaone ntchitoyi kuchipinda kwanga. Chifikire sindinasesemo. Masokosi pa pilo, makoko a nthochi, mbale ya usipa wa dzana, kabudula pa msomali ngati mbendera ya dziko logonja. Ndinagwada, mutu pansi pa bedi, matako kumwamba, kapaipi kukamwa. Ndinatulukamo ndi kangaude m'tsitsi ndi udzudzu wonenepa ndi magazi anga omwe.

Abiti Hamadi anagwira pakamwa. Kenako: "Kodi mwana uyu amake alipo?"

Pochoka sanati a Paison. Anati iwe. Wina anabweranso ndi tsache, kulitsamiritsa pachitseko. Sindinachitepo manyazi otere chiyambire. Sindinasangalalepo chonchi chiyambirenso.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Swala ya m'mawa ku mzikiti itangotha, gogogo. "Iwe Paison, bwera udzatenge abale akowa ndisanasese."

Palibe mpando, palibe tiyi. Che Yunusu pakhomo la chipinda ndi tochi, ati kundiwunikira, koma kuwala kwake kumatsata ine, osati khoma. Chabwino.

Pa neti ya Zuhura penipenipo, kunja kwake, udzudzu utatu utakhala phee, mimba zofiira. Ndinayamwa umodziumodzi, mofatsa, ngati ndikunyamula mazira. Pansi pa bedi, wochuluka kuposa pamenepo.

Mbiri inathamanga. Nyumba zina kuchita kundiitana ndili patali, amayi ena kudandaula kuti bwanji kwawo ndakudumpha, udzudzu wawo ndi wotsika? Makapu onse osungiramo udzudzu adzaza, ndawatseka ndi kaneti, thonje la shuga pamwamba. Akuti andipezera akazi awiri, onse odziwa kuchapa masokosi.

Chiuta sachoka pa kafukufuku.

Loweruka, 15 Febuluwale

Galimoto yafika, ikudikira pa golosale. Ndinalembera a Dokotala pa foni, ayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu. Nobel wanga ndi ameneyo.

Ndikumanga katundu, Abiti Hamadi anaima pakhomo, Zuhura kumbuyo, maso akadali olowa. Anafunsa kuti makina a ku labu akawerenga magazi a udzudzuwo, yankho libwera liti. Ndinati pamzere pali wa ku Balaka, wa ku Liwonde, kenako kuyerekeza, kenako lipoti. Mwina mvula ya chaka chamawa.

"Nanga lero agone pati?"

Ndinati mu neti momwemo, aziipinda bwino pansi pa mphasa, thupi likangotentha athamangire kuchipatala. Zoona zokhazokha. Koma pakamwa panandiwawa.

Lolemba ndikakhala pakhomo la labu mpaka makapu a Chiuta alowe oyamba. Andithamangitse, ndibwerera. Ulemu ndinausiya kale kuno, palibe chimene angandilande.

Hutala yalira. Makapu pamiyendo panga njira yonse, ndipo dalaivala akangoyerekeza kusuta n'kundiphera udzudzu, andiona.