Sabata yochemerera Holtan

Loweruka, 9 Novembala
Tawagonjetsa adani athu akale, a koleji ya Holtan, 24-17 pa mpira wa ku America. Mwana wanga Leif wasewera mpaka kumapeto, phewa lake lovulala lija silinavute. Watsala mpira umodzi kuti ligi ithe.

Lamlungu, 10 Novembala
Leif anabwera kudzachapa zovala, n'kumaliza nkhuku yonse yekha. Mwana wangayu ali m'chaka chomaliza pakoleji ya Merrin, ndipo kumakoleji ang'onoang'ono ngati athuwa mpira umathera pompo, palibe timu yaikulu imabwera kudzagula munthu. Tikapanda kulowa m'ndime ya chipulula, Loweruka likubwerali avala chisoti komaliza. Iye sakuzitchula.

Ndawerenga malamulo. Makomo alipo awiri. Wopambana ligi amalowa popanda mafunso. Malo ochepa otsalawo amagawidwa potengera masamu a kompyuta, kuona amene wagonjetsa matimu olimba. Khomo lachiwirilo kwa ife n'lotseka, tinagonja kawiri mu Seputembala ndi matimu a ligi zina.

Lachiwiri, 12 Novembala
Zili chonchi. Timu ya Dunlow, ya m'ligi yathu yomweyi, inatigonjetsa, ife tagonjetsa Holtan. Holtan ikagonjetsa Dunlow Loweruka, ife n'kupambana wathu, tonse atatu tifanana. Zikatero ligi yathu imapereka malo kwa timu imene yatenga nthawi yaitali osapitako. Ndi ifeyo. Tinapitako komaliza Leif asanabadwe.

Ndawafotokozera bambo anga titakhala pakhofi. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye kuti atipatsa mphoto chifukwa cholephera zaka zonsezi?"

Nditawauza kuti tiyenera kuchemerera Holtan, kuseka kunathera pomwepo. Akuti chibadwire sanaomberepo m'manja anthu ovala zofiirira a ku Holtan, ndipo sayambira paukalamba. Akutinso a Holtan agonja dala kuti atikhaulitse. Sangatero. Iwo masamu aja akuwakomera, akapambana akhoza kulowera khomo lachiwiri. Bambo akuti ndimadziwa mabuku, anthu a ku Holtan sindiwadziwa.

Lachinayi, 14 Novembala
Chipale chofewa pang'ono. Kuntchito kulaibulale kuli zii. Leif akuti kochi walamula kuti wotchula Holtan azithamanga kuzungulira bwalo. Athamanga ambiri.

Loweruka, 16 Novembala
Tapambana 31-10, monga timayembekezera. Mpira usanayambe, ife makolo a anyamata a chaka chomaliza anatiitanira pabwalo. Leif anandipatsa duwa n'kundinong'oneza kuti ndisamuchititse manyazi ndi misozi. Sindinalire, mtima unali ku Holtan.

Wathu utatha palibe anachoka, chifukwa wa kumeneko unali ukadali m'kati. Anyamata anakhala pansi pakapinga wozizirayo, mitu itaunjikana pamafoni. Dunlow inkatsogola ndi mapointi awiri. Nthawi ili pafupi kutha, a Holtan anatulutsa mnyamata wawo woti amenye mpira pakati pa mitengo ya golo, akalowetsa apeze atatu. Foni yanga inkatsalira m'mbuyo, moti mfuu ndinaimva kuchokera mbali ina ya bwalo mnyamatayo asanasunthe n'komwe. Ndinadikirabe mpaka nditauona ndekha ukulowa.

Bambo manja anali m'thumba nthawi yonseyi. Anangoti, "Kamnyamatako mwendo kali nawo." Kenako anapempha soseji wina.

Leif ndinamuona patali, atagona chagada, mnzake atam'khalira pamimba. Phewa lija!

Lamlungu, 17 Novembala
Alengeza matimu a m'chipulula madzulo ano, ife tilimo. Holtan nayo yalowa, khomo lachiwiri. Bambo akuti dziko latha.

Ife tikupita ku Ohio, kukakumana ndi timu imene sinagonjepo chaka chino. Ndaona kulemera kwa anyamata awo otchinga kutsogolo, ndaonanso zigoli zawo. Leif anaimba foni ndikutsuka mbale.

"Amayi, mwawawerenga kale, eti?"

"Ee."

"Musandiuze."

Sindinamuuze. Ndinangomufunsa za phewa, akuti lili bwino, kutanthauza kuti likupweteka. Ndapempha tchuthi cha Lachisanu, ndapezanso zipinda ziwiri pamotelo ya pafupi ndi bwalo. Bambo akuti chiwongolero ndi chawo. Ndawalola mpaka pomwera mafuta poyamba.