Chuku cha m'dziwe la makungwa

Mwana wanga Tisiyenji,

Moni wa kuno ku Lilayi. Tilipo, koma mawondo a amako akukanabe.

Nkhani ndi ya dziwe lija timatayamo madzi a makungwa tikanyika zikopa. A khonsolo anati madziwo akapanda kuyera, atitsekera ntchito. Ndiye mayi wina wophunzira anabwera nathiramo chuku. Anati chimadya ukali wa makungwa, tingodikira.

Ba Zulu, mnzanga wa pantchito, anali kumaliro, sanamve. Iwowo akaona chuku pachikopa sagona. Atabwerako anachiyengula chonse, nathiramo mchere kuti chisamerenso.

"Ndakukonzerani, achimwene," anatero akumwetulira.

Mayi uja sanabwerenso. Madzi adakali bii, ndipo a khonsolo akubwera Lolemba.

Undifunsireko za ulonda kumeneko, ngati amalemba nkhalamba. Mulungu akusunge.

Ndine atate ako.