Malalanje a Malume Achira

Malindi, Mangochi
14 Okutobala 1978

Okondedwa Malume a Jenkins,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata muli pa ntchito ku Bulawayoko. Ife kuno tili bwino, kaya inu.

Malalanje anu aja achira! Paja masamba ake anasanduka achikasu. Wolakwa ndinali ine. Ndinkathira phulusa la powambira nsomba m'tsinde mwake, ndimayesa ndikudyetsa mitengo. Alangizi a zaulimi, a Oswald, anatapa dothi n'kufinyirapo ndimu, dothilo n'kuchita thovu. Anati, "Achemwali, nthaka yanuyi ili kale ndi laimu wambiri, phulusa likungowonjezera. Thirani ndowe zowola ndi masamba." Ndatero chaka chonse. Lero mitengo yabiriwira, maluwa ali mbee, fungo likufika mpaka kumsewu.

Koma alangiziwo akubwerabe Loweruka lililonse, akuti kudzaona dothi. Amayi anawafunsa, "Kodi achimwene, dothi limasintha sabata iliyonse?" Iwo anangoyang'ana pansi, inenso ndinathawira kukhitchini. Lero a Oswald afunsa kuti malume anga ndani, ndipo abwera liti. Sindinawayankhe, poti oyankha ndinu.

Chonde yankhani msanga, malalanje asanapse.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Maud